Kriketi Yabwelela, Manje Olemba Ali Kuti?

Kondakitala wa minibasi ya ku Matero angakuuzeni amene anagoletsa ku Arsenal dzulo. Mufunseni za kriketi ya Zambia, adzangokuyang'anani cabe. Mlandu si wake: kulibe amene amamulembela nkhanizo.

Masewelawa si acilendo kwathu. Mu 1975 anyamata a ku Zambia anasewela mu World Cup yoyamba ku England, mu timu ya East Africa. Henry Olonga, amene anachuka mu timu ya Zimbabwe, anabadwila muno mu Lusaka. Koma kayendetsedwe katasokonekela, bungwe la ICC linaimitsa Zambia mu 2019, n'kuicotselatu mu 2021. Ambili sitinamve n'komwe. Pakasowa mtolankhani wofunsa mafunso, akuluakulu amagona tulo, ndipo ovutika ni ana ofuna kusewela.

Mu 2025 ICC inatilandilanso. Ise tikuti nthawi ni ino yakuti Zambia Cricket Union na makampani akhazikitse basale ya utolankhani. Caka ciliconse alipilile mtsikana kapena mnyamata mmodzi pa Evelyn Hone College kapena UNZA, aphunzile kulemba, malamulo a kriketi, na kulondola ndalama za bungwe. Azilembanso mu Cinyanja na Cibemba kuti a m'komboni amve. Koma basaleyo isakhale cotsekela pakamwa: wophunzilayo akhale womasuka kudzudzula ngakhale omulipilila.

Dennis Liwewe anakondetsa dziko lonse bola na mau ake pa wailesi. Kriketi nayo ifuna wake.