Galayinda ikamagwedera, njerwa si mankhwala

Kwa owotcherera zitsulo pa Zalewa, galayinda yonolera zikwanje ikayamba kugwedera ambiri amangosanjika njerwa patebulo lake. Ine ndimati uku n'kubisa matenda.

Mwala wake umazungulira maulendo pafupifupi 2,850 pa miniti. Tiyerekeze kuti mbali imodzi yalemera magalamu 5 kuposa inzake, masentimita 7 kuchokera pakati. Werengerani F = mω²r, mupeza manyutoni 31: kulemera kwa mapaketi atatu a shuga, kukukokera uku ndi uku maulendo 47 pa sekondi. Njerwa sizichotsa mphamvuyi, mabering ndiwo amavutika nayo.

Auzeni amalume azimitse makina, amasule mwalawo, augogode ndi kamtengo. Ukalira mogonthera, wang'aluka. Autaye usanawaphulikire kumaso. Ukalira ngati belu, aubwezeretse n'kuusalaza ndi dresser.