Za Umoyo M'banja: Anamwino a Odwala Khansa ya M'matumbo

Mwezi uno tifuna kukamba za nthenda imene ambiri achita nayo manyazi kuitchula, ndiyo khansa ya m'matumbo akulu, ndiponso za anamwino ophunzitsidwa kusamala oidwala. Musayese kuti ndi nthenda yosowa. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, WHO, linawerenga kuti m'chaka cha 2020 anthu oposa 1,900,000 anapezeka nayo, ndipo oposa 900,000 anafa nayo. Iyamba mwakachetechete: magazi m'chimbudzi, kudzimbidwa kosinthana ndi kutsegula m'mimba, kuonda ndi kufooka kosadziwika chifukwa chake. Ambiri ayesa kamwazi, nachedwa kumudzi.

Dotolo akaipeza msanga, adula mbali yodwalayo nalumikiza matumbo. Koma kwa ena ayenera kutulutsa nsonga ya thumbo pa bowo la pamimba, limene alitcha stoma, kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo n'kugwera m'kathumba. Ena akhala nalo miyezi yowerengeka, ena moyo wawo wonse. Tsono apa ndipo pagona nkhani yathu, pakuti dotolo apulumutsa moyo tsiku limodzi, koma munthuyo akabwerera kwawo aopa fungo, aopa kutayikira, nadzitsekera m'nyumba ngati wakhate. Wombwezera pakati pa anzake ndiye namwino.

Onani m'mene ntchitoyi inayambira. M'chaka cha 1954, ku Denmark, namwino Elise Sørensen anaona mbale wake Thora alikuopa kutuluka panja atachitidwa opaleshoni yotere, ndipo anaganiza za kathumba komata pa khungu, kotaya kakadzala. Ku America nako kunali mayi Norma Gill, amene anadwala zilonda za m'matumbo nakhala ndi bowo lotere iye mwini. Akulu anati, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. M'chaka cha 1958 mayiyu anayamba kuthandiza dotolo Rupert Turnbull ku chipatala cha ku Cleveland pophunzitsa odwala kudzisamala, ndipo mu 1961 awiriwa anatsegula sukulu yoyamba ya ntchitoyi. Poyamba ophunzira ake anali anthu okhala ndi bowolo, pambuyo pake ntchitoyo inakhala ya anamwino.

Nanga namwino wotere aphunzira zotani? Opaleshoni isanachitike, ayang'ana mimba ya wodwala ali chilili, ali chikhalire ndiponso atawerama, nalemba chizindikiro pa malo osalala, kutali ndi makwinya ndi pomangira nsalu, pakuti bowo likalakwika malo kathumba sikamata bwino. Aphunzira kudula kamwa la kathumba molingana ndi bowolo, chifukwa likakula chimbudzi chiwotcha khungu n'kuutsa zilonda. Adziwa kuti nsonga ya thumbo yamoyo ikhala yofiira ndi yonyowa ngati m'kati mwa tsaya, ndipo ikayamba kuda aitana dotolo nthawi yomweyo. Aphunzitsa kukhuthula kathumba kasanadzale, kutsuka khungu ndi madzi ofunda, kutafuna bwino chakudya ndi kumwa madzi okwanira. Nthenda ikafika posachiritsika, adziwa kupereka mankhwala a morphine pa maola ake, ululu usanabwerere, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba, popeza morphine adzimbitsa.

Koma phunziro lalikulu ndi la nkhope ndi lilime. Wodwala poona bowo lake koyamba ayang'ana nkhope ya namwino. Namwinoyo akachita tsinya, wodwala adzinyansa masiku ake onse. Chifukwa chake aphunzitsidwa kugwira ntchitoyi mofatsa, kuyankha mafunso amanyazi a mwamuna ndi mkazi wake, ndi kugwira dzanja la wodwala kufikira atasintha kathumba yekha.

Tsono ife a m'midzi, mbali yathu ndi iyi. Wina akaona magazi m'chimbudzi, kapena m'mimba mwake mukasintha kwa milungu ingapo, apite ku chipatala osazengereza. Mbale wathu akachitidwa opaleshoni, mmodzi wa pa banja akaime pambali pa namwino, aone ndi maso, afunse, ayese ndi manja ake asanatuluke m'chipatala. Ndipo wodwalayo akafika kwathu, tisamuikire mbale yake payekha. Adye nafe nsima pa mphasa imodzi monga kale. Tsalani bwino, abale, kufikira mwezi wamawa.