Tchaja ya pakhoma ku Tongaat ndi chikomekome cha mkuyu

Wogula galimoto yoyendera petulo ndi magetsi omwe ku Tongaat asanyengedwe ndi otsatsa tchaja ya pakhoma. Batire ya galimoto yotere ndi yaing'ono, ndipo soketi wamba ya mavolti 230 imaidzaza usiku umodzi mwini wake ali m'tulo. Otsatsawo amati tchaja yofulumira imapulumutsa Eskom akathimitsa magetsi monga mu 2023. Nanga injini ya petulo anaiikiramo chiyani?

Mmalawi wokhala m'nyumba ya lendi ndiye amaluza koposa, pakuti pa tsiku losamuka mawaya amene analipira amatsalira mwininyumba. Ndalamazo zipite kwa katswiri wa magetsi wovomerezeka kuti ayeze soketiyo, chifukwa waya wofooka akatentha usiku wonse amabutsa moto banja lili m'kati.