NDEMANGA: Makiyi a seva akhale m'manja mwa munthu

Mu 2008 chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chinayamba kulandira nkhani za odwala akumidzi kudzera m'mauthenga a pafoni. Masiku ano zolembedwa zotere zimasungidwa pa seva, makompyuta okhala kutali, ndipo akatswiri m'maiko ambiri akulola zida za AI monga Claude Code ndi Warp kuyendetsa makinawo m'malo mwawo.

Ife chitukuko sitikuchikana ayi. Koma chida chotere chikaphonya kamodzi kokha, kaundula yense wa odwala angafufutike. Tisaiwale momwe Amalawi anavutikira mu 2024 makina a mapasipoti atasokonezedwa.

Tikupempha boma likhazikitse lamulo lakuti AI izilemba, koma wovomereza akhale munthu wodziwika dzina. Makina sangaitanidwe ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso.