Kumeza kukakanika, ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu

Asisi, tamvani izi. Mmodzi mwa ife ali ndi azakhali ake kumudzi omwe nsima yakhala ikuwakanika kumeza kwa miyezi. Anayamba kumangodya phala, kenako tiyi basi. Kuchipatala chapafupi ankangowapatsa mankhwala a zilonda zam'mimba, n'kubwerera kunyumba. Tsiku lomwe ananenedwa kuti akufunika endoscopy, ija amalowetsa kamera kummero kuti aone chomwe chatseka, anapatsidwa kalata yopita kuchipatala chachikulu. Ulendo wa tsiku lathunthu, ndalama ya minibasi ya anthu awiri, poti wodwala sayenda yekha. Ndipo mukudziwa kale amene anasiya geni yake n'kukagona pansi ngati gadiyani: mtsikana.

Dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Koma kuunika kumeneku kwaulere kumapezeka makamaka m'zipatala zazikulu zinayi: Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Maboma tili nawo 28! Wa ku Chitipa kapena ku Nsanje adzaunikidwa liti? Ambiri akamafika nthendayo imakhala itapita patali, chotsala n'kuwaika kapaipi kummero kuti azimezako madzi ndi phala. Amati zipatala za boma n'zaulere. Eya, zaulere kwa okhala pafupi.

Njira yake boma likuidziwa. Kuyambira 2006 limasainirana mapangano a SLA ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, bilu n'kupita kuboma. Tikudziwa, ndalamazo nthawi zina zimachedwa ndipo zipatalazo zimadandaula. Komabe zinaonetsa kuti boma likafuna limatha kugula chithandizo pafupi ndi anthu. Bwanji osachita chimodzimodzi pa kuunika kummero, m'mimba ndi m'matumbo, m'zipatala za mishoni zomwe zili ndi zida, kwinaku likuphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma?

Ena ati makinawo ndi odula. Zoona, ndi odula. Nanga mwezi wa mtsikana uja wopanda geni, wopanda sukulu, akuphikira wodwala panja pa chipatala, amauwerengera mtengo ndani?

Bajeti ikamakambidwa, phungu wanu mumufunse: SLA ya m'boma mwathu ikulipira chiyani, ndipo endoscopy ilimo? Zomwe ayankhe mutiuze.