KODI MUDZIWA? Mapaipi amene asunga nsomba za m'nyanja yamcere

Anthu amene anafikako ku Cape Town mwina anaona nyumba yochedwa Two Oceans Aquarium, imene inatsegulidwa m'caka ca 1995. M'nyumbamo nsomba za m'nyanja yamcere zisungidwa m'mathanki oonekera mkati kuti alendo azizipenya. Alipo anthu enanso m'maiko akutali amene aweta nsomba zotere m'nyumba zao, m'thanki ya galasi yonga tebulo ukulu wace, osati zandiwo ai, koma zokondweretsa maso. Mlendo aona nsomba zokha. Sadziwa kuti m'kabati ya pansi pace mwabisika thanki yaciwiri, imene eni ace aicha sampu.

M'thanki yapansiyi ndimo mukhala zosefera madzi, cofunditsa madzi ndi pampu ya magetsi. Mathanki awiriwa alumikizidwa ndi mapaipi. Paipi yoyamba itsitsa madzi, koma siwatenga pansi pa thanki ya nsomba ai. Madzi ayamba adzaza, nasefukira pa mlomo wa kabokosi komangidwa m'ngodya, ndipo pamenepo atsika okha. Alimi amene ali ndi maiwe a nsomba aidziwa kale nzeru imeneyi, pakuti paipi yoimirira pa dziwe itulutsa madzi opitirira okha-okha, dziwe osaphwa. Paipi yaciwiri ikweza madzi osefedwa kubwerera kwa nsomba, mokankhidwa ndi pampu.

Paipi yotsitsa iyenera kukula kuposa yokweza, cifukwa madzi ace alibe cowakankha. Ngati yokweza iri ya mamilimita 20, yotsitsa ikhale ya 32 kapena kuposapo. Ikatsekeka ndi nkhono kapena ndere, pampu sidziwa kanthu, ingokweza madzi kufikira atayike pa simenti. Cifukwa cace amisiri ocenjera aika paipi yacitatu, imene ikhala youma kudikira tsiku la tsoka. Onsewa ndi a pulasitiki. Citsulo cicita dzimbiri msanga m'madzi amcere, ndipo mkuwa, ngakhale uli cuma ca dziko lino, ndi ululu woopsa kwa nkhono ndi nkhanu za m'nyanja.

Komatu ngozi yeni-yeni idza pamene magetsi azima. Aliyense amene anakokapo palafini m'mgolo ndi kapaipi ka mphira adziwa kuti akangoyamba kuyenda saleka, kufikira mpweya utalowa m'kapaipiko. Zimenezi ndizo zicitika pampu ikaima. Paipi ija yokweza itembenuka, niyamba kuyamwa madzi a m'thanki ya nsomba ndi kuwatsitsira pansi, ndipo sileka kufikira mlomo wace utatulukira pa mpweya.

Kuwerenga kwace nkosabvuta. Thanki ikakhala ya masentimita 120 m'litali ndi 50 m'lifupi, sentimita imodzi ya madzi ndi malita 6. Mlomo wa paipi ukamira masentimita 5, malita 30 ndiwo adzatsika, kuonjezapo madzi a m'mapaipi momwemo. Sampu ikakhala yodzaza kale, malita onsewo athera pansi m'nyumba, pafupi ndi mawaya a magetsi, kawiri-kawiri usiku anthu ali mtulo.

Mankhwala ace ndi kanthu kakang'ono zedi: kabowo koboola pa paipi yokweza, pang'ono pansi pa nkhope ya madzi. Madzi akatsika ndi sentimita imodzi, mpweya ulowa pa kabowopo ndipo kuyamwa kuja kutha. Koma kabowo kafunika kukatokosa nthawi ndi nthawi, pakuti ndere ndi mcere zikatseka. Ena akhulupirira cotsekera cimene cilola madzi kupita mbali imodzi yokha. Kudalira cimeneci cokha nkupusa, cifukwa kamcenga kamodzi kakakhala pa citseko cace, madzi adutsa pang'ono-pang'ono usiku wonse. Mmisiri wodziwa nchito yace azima pampu dala, naima pomwepo kupenya mmene madzi akwerera m'sampu. Akaona kuti aima asanafike pa mlomo, ayatsanso pampu, nalemba cizindikiro pa galasi pamene madzi akhala pampu iri kuyenda.

Cizindikiro cimeneci cithandizanso pa nkhani ya mcere. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja iri ndi magalamu 35 a mcere, ndipo nsomba zifuna muyeso womwewo masiku onse. Madzi auma nasanduka nthunzi, koma mcere utsala. Tsono mwini athira madzi opanda mcere kufikira pa cizindikiro, osapitirira. Amene athira mopitirira, poganiza kuti madzi asacepe ali pa ulendo, adzaza malo aja osungira malita 30, ndipo magetsi akazima iye kulibe, madziwo atayika pansi m'nyumba.