NJINGA YOPANDA NYALI NDI MSAMPHA PAMSEU

Dzuwa likalowa m'Cigawo ca Kum'mawa mdima sucedwa kugwa. M'miyezi ya June ndi July, pamene alimi ali pakati pa kugulitsa cimanga, nshawa ndi thonje, dzuwa limalowa nthawi isanakwane 18 koloko, ndipo pakangopita theka la ola munthu sangathe kuzindikira mnzake ali patsidya pa mseu. Nthawi yomweyo ndi imene anthu ambiri amakhala ali paulendo wobwerera kumudzi. Wina acokera kumsika ku Katete, wina kucigayo, winanso wanyamula mkazi wake kucokera kucipatala ca St Francis. Onsewa ali panjinga, ndipo ambiri a iwo alibe nyali kutsogolo kapena kumbuyo.

Njinga ndiyo galimoto ya mlimi. Kucokera masiku amene fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle ku Chipata kufikira lero, banja la kumudzi limawerengera njinga pamodzi ndi ng'ombe ndi pulawo. Mwini wake sazengereza kugula cubu, masipoko kapena belu. Koma nkhani ya nyali ikachulidwa, yankho limakhala lakuti njira aidziwa bwino ndipo maso ake ali akuthwa. Yankho lotere ndi lolakwa, pakuti nchito yaikulu ya nyali ndiyo yakuti ena amuone iye.

Wokwera njinga amanyengeka motere. Galimoto ikamabwera, iye amaona kuwala kwake ikali kutali kwambiri, ndipo mumtima mwake amaganiza kuti woyendetsayo wamuonanso. Sizitero ai. Nyali za galimoto zikatsitsidwa zimaunika mamita pafupifupi 50 okha. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola limodzi imadutsa mamita 28 pa sekondi iriyonse, ndipo kuti iime ifunika mtunda woposa mamita 70, ngakhale pamseu wouma. Tanthauzo lake ndi lakuti pamene woyendetsa aona njinga yakuda patsogolo pake, nthawi yoimitsa galimoto yatha kale. Ngati kutsogoloko kukubweranso lole yowalitsa nyali zake, maso ake amathobwa, ndipo saona kanthu kufikira atamva kugunda.

Pacifukwa cimeneci, amene ali ndi ndalama zokwanira nyali imodzi yokha ayenera kuyamba ndi ya kumbuyo. Ambiri amacita zosiyana: amagula toci yowala namanga pamahandulo, kumbuyo nkusiyako mdima. Koma m'Zambia njinga imayenda kumanzere kwa mseu, kulowera kumene magalimoto akulowera. Galimoto imene ingamugunde munthu icokera kumbuyo kwake, kumene iye alibe maso. Pamseu waukulu wa Great East Road, ndi pa uja wocokera ku Katete kupita kumalire a Chanida, malole akuluakulu amayenda ndi katundu wolemera, ndipo lole yotere siingapatuke msanga. Kanyali kofiira kamene kaoneka patali mamita mazana angapo kamapatsa woyendetsa mpata wocepetsa liwiro.

Mitundu ya nyalizi siinasankhidwe mwacisawawa. Pangano la maiko la zoyenda pamseu limene linalembedwa ku Vienna m'caka ca 1968 linanena kuti njinga ikhale ndi kuwala koyera kapena kwacikasu kutsogolo, kuwala kofiira kumbuyo, ndiponso kagalasi kofiira kobweza kuwala. Woyendetsa galimoto aliyense amawerenga mitunduyi monga kalata: koyera ndi cinthu cobwera, kofiira ndi cinthu cimene iye akucilondola. Munthu woika toci yoyera kumbuyo kwa njinga, kapena nyali yofiira kutsogolo, wanamiza woyendetsayo pa nthawi imene bodza lipha.

Nanga nyali yabwino ya kutsogolo njotani? Panjira za kumudzi palibe magetsi a mumseu, ndipo pali maenje, mcenga, zitsa, ngolo za ng'ombe zopanda cizindikiro, ndi anthu oyenda pansi. Pamenepa pafunika nyali younika njira, yosangoonetsa kuti pali munthu. Nyali za masiku ano za mtundu wa LED zimalembedwa mphamvu yake papaketi m'malumeni. Ya malumeni 200 kufikira 400 ikwanira bwino paliwiro la njinga, pamene ya kumbuyo ya malumeni 20 kapena 30 ioneka patali ndithu. Komabe manambala a papaketi sakhala oona nthawi zonse. Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula wanzeru ayatse nyaliyo m'sitolo momwemo, aone ngati cogwirira cake ciri colimba, ayang'anenso ngati pali mphira wotseka polowa madzi. Nyali yomwe cogwirira cake ndi capulasitiki wopyapyala siidzatha mwezi umodzi pamseu wa mabampu.

Kamangidwe kake nakonso nkofunika. Nyali ya kutsogolo iweramitsidwe pang'ono kuti kuwala kugwe pansi mamita khumi kutsogolo kwa gudumu. Ikaloza m'mwamba imathobwa maso a amene akubwera, ndipo munthu wothobwa m'maso angakhote nalowera komwe kuli kuwalako. Isaikidwe pa kuphethira-phethira m'njira yamdima, cifukwa maso a mwini wake amasokonezeka ndipo dzenje saliona. Nyali ya kumbuyo ingathe kuphethira, ndipo potero batire limakhalitsa, ngakhale kuti kuwala kokhazikika kumathandiza woyendetsa galimoto kudziwa bwino kutalika kwa mtunda. Amene angathe akhale nazo ziwiri, ina yophethira ina yokhazikika.

Pali mitundu itatu ya mphamvu imene munthu angasankhepo. Yakale ija ndi dainamo, kabotolo kotsamira patayala, kamene kamapereka mavoti 6 ndi mawati 3. Ubwino wake ndi wakuti safuna batire ndipo amakhala womangika panjinga nthawi zonse, osaiwalika kunyumba. Kuipa kwake ndi kwakuti pamatope ndi pamvula amaterereka, pokwera citunda kuwala kumacepa, ndipo njinga ikaima nyali zamtundu wakale zimazima pomwepo. Waciwiri ndi mabatire ogula m'kantini, amene apezeka paliponse koma amadya ndalama mwezi ndi mwezi. Wacitatu ndi nyali yochajidwa ndi nthambo monga foni. Popeza makomo ambiri tsopano ali ndi kasola kochajira mafoni, nyali yotereyi ndiyo yocipa munthu akawerengera caka conse. Cofunika ndi kuichaja masana, osati kukumbukira dzuwa litalowa.

Mau apadera apite kwa onyamula katundu. Munthu wa matumba atatu a makala, kapena wa mtolo wa nzimbe, kawirikawiri ali nako kagalasi kofiira pamadigadi, koma katundu wakaphimba. Kumbuyo kwake kumaoneka cimulu cakuda cofanana ndi mdima weniweniwo, ndipo m'lifupi mwake ciposa njinga. Nyali yofiira imangidwe pa katundu penipeni, kumbuyo, ndipo kumbali ya kumanja kumene magalimoto adutsira kukhale kansalu kowala. Anyamata onyamula anthu panjinga ku Chipata, Petauke ndi Lundazi ali ndi udindo woposa, pakuti moyo umene uli pakaliyala si wao. Wokwera ali nao ufulu wokana njinga yopanda nyali, monga momwe angakanire basi yopanda mabuleki.

Ena adzati kagalasi kokha nkokwanira. Kagalasi nkothandiza ndithu, makamaka ta pamapedulo timene timakwera ndi kutsika, pakuti kuyenda kwake kumauza woyendetsa kuti kutsogoloko kuli njinga. Koma kagalasi kalibe kuwala kwakekwake. Kamadikira nyali za galimoto kuti zikaombe, ndipo pokhota msewu, kapena galimoto ikakhala ndi nyali imodzi yakufa, sikaoneka. Fumbi likakamata kamafa. M'miyezi ya August kufikira October, pamene utsi wa lupsa ndi fumbi zidzaza mlengalenga, ndiponso m'mamawa wa cisanu pamene nkhungu igona m'madambo, nyali yoyaka yokha ndiyo ipyoza. Malaya oyera kapena cibakuwa cowala cija ca onyamula anthu ziwonjezera citetezo, koma sizilowa m'malo mwa nyali.

Enanso adzati ndalama nzosowa, ndipo nyali zimabedwa njinga ikaimikidwa pamsika. Madandaulo awa ngoona, koma yankho lake liripo. Nyali zambiri za LED zimacoka pacogwirira ndi kulowa m'thumba la malaya. Kunena za mtengo, banja liyerekeze mtengo wa nyali ziwiri ndi wa bokosi la maliro, cakudya ca olira, ndi munda umene udzagonera cifukwa wolima wapita. Bungwe la World Health Organization linalengeza m'caka ca 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa m'ngozi za pamseu caka ciriconse padziko lonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga ndi okwera njinga zamoto. Awa ndi anthu opanda citsulo cowachinga.

Sikuti mlandu wonse uli pa mwini njinga. Woyendetsa galimoto amene athamanga usiku kupyola pamene nyali zake zifika ali ndi mlandu waukulu, ndipo bungwe la RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la caka ca 2002, pamodzi ndi apolisi, liyenera kumgwira. Eni masitolo nawonso aleke kugulitsa njinga yatsopano yopanda nyali monga ngati yakwanira. Mafumu, anyakwawa, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ali ndi mau amene anthu amamva. Nkhani iyi ikambidwe pabwalo monga momwe ikambidwira ya katemera wa ng'ombe. Makopaletivu amene amagula feteleza pamodzi angathenso kuitanitsa nyali zambiri nthawi imodzi kuti mtengo utsike.

Koma zonsezi zitenga nthawi, pamene mdima ukubweranso madzulo ano. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Mlimi amene wagulitsa zokolola zake caka cino, asanagule wailesi kapena nsapato zatsopano, ayambe wapatula ndalama ya nyali ziwiri: yofiira ya kumbuyo, yoyera ya kutsogolo. Ndipo tsiku limene nyali zafa ali kutali ndi kwao, atsike, akankhe njinga yake kunja kwa tala, kapena agone kwa abale. Kufika m'mawa sikucititsa manyazi. Ana ake afuna atate wao wamoyo.